Masiku aja tinkalowa m'galasi la kompyuta pa Mangochi

Anyamata ogulitsa mafoni m'tauni masiku ano ali ndi mawu awo okopera makasitomala. Amvekere, "Bwana tengani iyi, chithunzi chake mumakhala ngati muli pomwepo." Ana a sukulu nawo akamva za magalasi ovala kumaso aja, amene munthu akavala amaona ngati walowa m'dziko lina, amayesa kuti nzeru imeneyi yabadwa dzulodzuloli pamodzi ndi TikTok. Ayi ndithu abale anzanga. Nkhaniyi ndi yakale. Inatenthapo m'zaka za m'ma 1990, kenaka n'kuzizira ngati phala logona, ndipo kamphepo kake kanafika ngakhale kuno kunyanja, pa nthawi imene dziko lathu linalibe ndi wailesi yakanema yomwe. Azungu amati virtual reality. Ife pa Mangochi tinkangoti "kulowa m'galasi", ndipo m'nkhani ino ndizitchula choncho.

Inu amene munabadwa chaka cha 2000 chitadutsa muyenera kudziwa kaye mmene zinthu zinalili. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Izi zisanachitike, m'nyumba munali wailesi basi, ndipo wofuna kuona chithunzi choyenda ankapita ku vidiyo shoo, timanyumba tija ta mikeka ndi mapepala akuda kuseri kwa msika, kumene tinkalipira matambala n'kukhala pabenchi mothinana, thukuta lili kamukamu, kuonerera Rambo ndi Chuck Norris akugwetsa anthu osawerengeka. Intaneti inalowa m'dziko muno mu 1997, koma kwa ife inali nkhani ya mabwana a ku Blantyre. Makompyuta pa boma analipo owerengeka m'maofesi, ofunditsidwa nsalu ngati mkwatibwi, ndipo mesenjala akapezeka atakhudza ndiye kuti ntchito yamuthera.

Ndiye kompyuta inalowa bwanji m'nyumba ya munthu wamba? Inadzera ku Joni, monga mmene zinthu zambiri za m'boma lino zimadzera. TEBA inaleka kulemba anthu a kuno mu 1988, koma chaka cha 1994, chimene ife tinasankha boma latsopano mu Meyi ndipo anzathu a ku South Africa anasankha Nelson Mandela mu Epulo, njira inatseguka mwa mtundu wina. Anyamata a ku Namwera, Katuli, Malindi ndi Makanjira anayamba kupita mwa iwo okha, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Pobwera ankasenza njinga, matiresi, mawailesi akuluakulu ndi mashini osokera. Amalume anga, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kumeneko, anabwera mu 1998 ndi bokosi lotuwa limene abwana awo ankafuna kutaya poti anali atagula lina latsopano. Maganizo awo anali a bizinesi: kutaipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi makadi a ukwati. Popeza ine ndinali nditalemba Fomu 4 ndipo ndinkadziwako taipi, anandiika kukhala woyang'anira, malipiro ake nsima ndi usipa.

Tsiku lachiwiri tinaisiya yoyaka n'kupita kukadya. Pobwera tinapeza kalata ija palibe. Pagalasi panali makoma a njerwa zofiira uku ndi uku, denga pamwamba, ndipo chithunzi chinkayenda chokha m'kanjira pakati pa makomawo, kukhota kumanja, kugunda khoma, kubwerera, kukhotanso. Mwadzidzidzi khoswe uyo wadutsa. Patsogolo pang'ono panali chimwala chotuwa chozungulira m'malere, ndipo titachigunda dziko lonse linatembenuka chadodolido, denga pansi, pansi kumwamba. Kumathero kunali kankhope komwetulira, ndipo titakafika makoma onse anamira pansi n'kumeranso ena atsopano. Tonse kukamwa kunali yasa. Agogo aakazi anasuzumira kuseri kwa bokosilo, kenaka anafunsa amalume motsitsa mawu kuti, "Kodi iwe, munthu amene akuyenda m'menemoyu wamutenga kuti?"

Akadaulo akhoza kuseka, chifukwa chimene tinkaonacho sichinali chinthu chachikulu ayi. Inali 3D Maze, kapulogalamu kamene kankabwera ndi Windows ya masiku amenewo, ndipo ntchito yake inali yongoteteza galasi. Magalasi a chimutu aja ukawasiya nthawi yaitali ndi chithunzi chimodzi ankapsa, chithunzicho n'kutsalira ngati chipsera, choncho pankafunika kanthu koyendayenda. Koma taganizani inu: munthu amene moyo wake wonse wakhala akuonerera chithunzi ali kunja kwake, lero akuona ngati maso a m'chithunzimo ndi ake. Mu vidiyo shoo unkaona Rambo akuthamanga. Apa wothamangayo unali iwe. Mbiri inawanda mudzi wonse, ndipo madzulo ana ankadzaza pazenera mpaka m'nyumba mdima bii. Msodzi wina wachikulire, amene ankadziwa njira za m'mabango a mu Shire usiku popanda nyali, anaonerera kwa kanthawi n'kupukusa mutu. Ati woyenda m'menemoyo ndi chitsiru, akungotsatira khoma limodzi, iye akanatuluka kalekale. Ndipo sananame, kapulogalamuko kankangotsatiradi khoma.

Patapita sabata zingapo, mwana wa Fomu 3 woyandikana nafe, wamanja osakhazikika, anafukula zimene ana a mzungu uja anasiyamo. Choyamba chinali Doom. Gemu imeneyi inatulutsidwa pa 10 Disembala 1993 ndi kakampani ka ku Texas kotchedwa id Software, ndipo gawo lake loyamba linkaperekedwa ulere kuti anthu azikoperana pa madisiki, n'chifukwa chake inafalikira ngati moto wolusa m'tchire la Okutobala. Inkangofuna kompyuta ya 386 ndi memore ya 4 MB. Apa tsono sunalinso wongoonerera. Ukadina batani umapita kutsogolo, ukadina lina umacheuka, chitseko chimatseguka ndi phokoso, ndipo kuseri kwake kuli chilombo chikukuponyera moto. Chimene sindidzaiwala ndi matupi a anthu oonerera. Moto ukamabwera, benchi yonse inkawerama nthawi imodzi. Wogwira kiyibodi ankapendeketsa khosi kuti asuzumire pakona, ngati kuti galasilo ndi zenera. Mnyamata wina wopalasa kabaza anagwa chagada pa mpando, ndipo dzina limene tinamupatsa tsiku limenelo adakali nalo. Amalume sankazikonda ziwanda zimenezo, moti analamula kuti gemuyo isamayatsidwe iwo ali pakhomo, komanso makalata a anthu azitha kaye.

Chonsecho chinali chinyengo cha masamu, ndipo ana a sukulu ndikufuna mumvetse bwino pamenepa. John Carmack, amene analemba mtima wa pulogalamuyo, ankadziwa kuti makompyuta a nthawi imeneyo sakanatha kuwerengera dziko lenileni la mbali zitatu mwachangu. Ndiye anachenjera. Mapu a Doom ndi afulati ngati pulani ya nyumba papepala, kungoti chipinda chilichonse chinapatsidwa nambala ya kutalika kwa pansi ndi ya denga. N'chifukwa chake simukanapeza chipinda pamwamba pa chinzake, ndipo simukanatha kukweza maso kumwamba kapena kuzyolika. Zilombo zija zinali zithunzi zafulati zojambulidwa kuchokera mbali 8, kompyuta n'kumangosankha choyenera malinga ndi pamene waima, kuchikulitsa ukayandikira, kuchichepetsa ukatalikira. Chithunzi chonse chinali timadontho 320 m'litali ndi 200 m'lifupi. Foni yotchipa kwambiri pa msika wa Limbe lero imaposa pamenepo kutalitali. Koma ubongo wa munthu suchedwa kukhulupirira, umangofuna kuti ukasuntha dziko lisunthe nawe.

Ife tinalibe magalasi ovala kumaso, ndipo kunena zoona ngakhale ku Ulaya anali nawo ndi ochepa. Nzeru yake ndi yosavuta. Maso athu awiri atalikirana masentimita 6 kapena kuposera pang'ono, choncho lililonse limaona chinthu mosiyanako, ndipo ubongo ukaphatikiza zithunzi ziwirizo umadziwa chimene chili pafupi ndi chimene chili patali. Yesani kutsinzina diso limodzi n'kulowetsa ulusi pasingano muone. Ndiye ukapatsa diso lililonse kagalasi kakekake, n'kuikapo kachipangizo kodziwa kumene mutu wacheukira, munthu walowa. Ivan Sutherland anayesa zimenezi ku America mu 1968 ndi chipangizo chimene chinkalumikizidwa kudenga. M'zaka za m'ma 1980 Jaron Lanier anatchukitsa dzina lija la virtual reality, ndipo pofika 1991 kampani ya ku Leicester ku England inali itaika mashini ake a Virtuality m'malo a masewera, anthu n'kumaima pamzere kulipira kuti avale chisoti kwa mphindi zochepa. Mu 1992 kunatuluka filimu ya The Lawnmower Man, ndipo manyuzipepala anayamba kulosera kuti posachedwa tonse tizigwira ntchito, kugula katundu ndi kufunsira mbeta tili m'chisoti.

Sizinatheke. Sega inalengeza chisoti chake koma sichinafike ndi m'sitolo momwe. Nintendo inatulutsa Virtual Boy mu 1995, ya chithunzi chofiira psuu ndi chakuda basi, anthu anadandaula mutu ndi maso, ndipo pofika 1996 inali italekedwa itagulitsa zosafika 800,000. Cha makompyuta a kunyumba, VFX1 ya kampani ya Forte, chinabwera chaka chomwecho cha 1995 pa mtengo wa madola pafupifupi 700, woboola m'thumba ngakhale kwa Mmereka. Kampani ya Virtuality inagwa mu 1997. Vuto lalikulu linali nseru. M'kati mwa khutu muli timadzi timene timauza ubongo ngati thupi likuyenda kapena laima. Amene munakwerapo Ilala nthawi ya mwera mukudziwa: muli m'chipinda, maso akuti zonse zili phee, khutu likuti tikugwedezeka, mapeto ake mwathamangira kumbali kwa sitima. M'chisoti zimachitika motembenuza, maso akuti tikuthamanga pamene khutu likuti takhala pampando, ndipo chithunzi chikamachedwa kutsatira mutu ndiye zimanyanya. Ngakhale ife a pagalasi wamba chizungulire chinkatigwira, mlongo wanga anasanzapo mpunga wonse wa pa chikondwerero.

Koma chimene chandilembetsa nkhaniyi si Doom ayi. Ndi pulogalamu ina imene mwana wa Fomu 3 uja anaipeza pambuyo pake, yotchedwa 3D Construction Kit. Inapangidwa ku England ndi Incentive Software mu 1991, ndipo ku America inkagulitsidwa ndi dzina loti Virtual Reality Studio. Mu pulogalamuyi munalibe chilombo kapena mfuti yokudikira. Ukaitsegula unkapeza bwalo lopanda kanthu, pansi ndi thambo basi, ndi timabatani m'munsi. Ukadina pena pankabwera bokosi. Bokosilo unkatha kulitalikitsa, kulifupikitsa, kulipaka mtundu, kulisuntha, kuika lina pamwamba pake. Panalinso chosongoka ngati denga la nkhokwe koma cha makona, ndi zafulati za makona atatu mpaka asanu ndi limodzi. Ukamaliza unkalowa n'kumayenda pakati pa zimene wamanga, kuzizungulira, kulowa pakhomo, ngakhale kuuluka n'kuziona kuchokera kumwamba ngati nkhwazi. Buku lake tinalibe, moti chilichonse tinachidziwa pophonya ndi kuyesanso.

Mukuganiza tinamanga chiyani? Tinamanga Mangochi. Tinayamba ndi chipilala cha wotchi chija chili pafupi ndi mlatho, chimene chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Poti pulogalamuyo inalibe chozungulira, wotchi yathu inali ya makona 6. Pambali pake tinaika mfuti ija ya Hotchkiss, bokosi lalitali lopendekeka pamwamba pa bokosi lalifupi. Shire anali chinsalu chobiriwira chafulati, mlatho wakale uja, umene unkatumikira anthu usanatsegulidwe wa Bakili Muluzi mu 2002, unali mabokosi ondondozana, ndipo tsidya linalo tinaika mapiri atatu osongoka. Zinatitengera miyezi, chifukwa magetsi ankazima osatsanzika ndipo ntchito ya tsiku lonse inkapita nawo limodzi. Kunali kukangana kwadzaoneni. Wina ati msewu wa ku Monkey Bay mwaukhotetsa molakwika, wina ati mzikiti watalika kuposa mmene ulili, mayi wina wogulitsa zitumbuwa anakana kuchoka mpaka titaika kabokosi pamalo pamene ankakhala. Kuti mkangano uthe tinkatuma ana kukawerenga mapazi kuchokera pachipilala kukafika pamlatho. Mwana amene ankalephera masamu m'kalasi anadziwa yekha kuti akachulukitsa m'litali ayeneranso kuchulukitsa m'lifupi, apo ayi nyumba ioneka ngati bokosi la maliro.

Chinali chonyansa, musanamizidwe. Munthu wa ku Lilongwe akanachiona akanati ndi makatoni otayidwa kuseri kwa golosale. Koma ife tinkaona kwathu. Tsiku limene tinaulutsa agogo aja pamwamba pa mtsinje n'kuwaonetsa tauni yawo mmene mbalame imaionera, anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, ndipo sananenenso za munthu wotsekeredwa m'bokosi. Anangofunsa kuti nanga manda a kwathu bwanji simunawaike.

Zonsezo zinapita. Dzinja la 2001 mphenzi inagunda pafupi, kompyuta inatulutsa kafungo ka waya wopsa, basi. Tinali titasunga ntchitoyo pa madisiki awiri, tija ta makona anayi tolowa 1.44 MB, koma kutentha ndi chinyezi cha kunyanja kuno sizigwirizana ndi zinthu zoterezi. Patapita zaka ndinakawayesa pa kompyuta ina ku Zomba ndipo anangolira kwee kwee, m'kati mutachita nkhungu. Bokosilo linakhala mpando wa pakhonde kwa zaka zingapo mpaka ogula zitsulo zakutha analitenga. Sony, imene inali m'gulu la makampani omaliza kupanga madisikiwa, inaleka mu 2011. Chodabwitsa n'chakuti ntchito ya azungu ija sinatayike. A id Software anapereka poyera malemba a pulogalamu ya Doom mu 1997, moti anthu akuiyendetsa pa chilichonse chokhala ndi galasi. Kuyambira 2002 pali pulogalamu yaulere ya DOSBox imene imadzutsa mapulogalamu akalewa pa kompyuta yatsopano, ndipo mu 2015 a Internet Archive anaika magemu a nthawi imeneyo oposa 2,000 kuti aliyense azisewera pa intaneti. Ziwanda za ku Texas zinapeza ozisunga. Mangochi wathu wa mabokosi analibe.

Tsono wina anena kuti mdala uyu wangogwidwa ndi matenda a okalamba, oti chilichonse chakale chinali chokoma. Pang'ono n'zoona, munthu akamakumbukira kompyuta ya 1998 amakumbukiranso mawondo ake a 1998. Ndipo sindikunyoza foni. Inu amalonda mukudziwa mmene Mpamba ndi Airtel Money zachepetsera maulendo, ndi mmene mtengo wa usipa wa ku Msaka umafikira ku Lilongwe nsombayo isanaume. Ana ena amamanganso zinthu zokongola mu Minecraft. Koma tayang'anani mmene ambiri timaigwirira foni: chala chimodzi, kukankhira m'mwamba, kukankhira m'mwamba, mpaka bandulo yatha. Bokosi la amalume linali lopusa, losalumikizidwa kulikonse, ndipo kupusa kwakeko n'kumene kunatikakamiza. Zoonera zikatha unkayenera kupanga zako. Ngakhale VRML, chinenero chimene Mark Pesce ndi Tony Parisi anayambitsa mu 1994 kuti pa intaneti pakhale malo oyendamo, chinkalembedwa ngati kalata wamba, moti mwana aliyense ankatha kutsegula ntchito ya mnzake n'kuona mmene waimangira.

Kunja kuja nkhaniyi inadzukanso. Mu 2014 Facebook inagula kampani ya Oculus pa madola pafupifupi 2 biliyoni, mu 2021 inasintha dzina la kampani yonse kukhala Meta pokhulupirira kuti tonse tisamukira m'galasi, ndipo yathirako mabiliyoni ambirimbiri osabwerera. Apple inatulutsa Vision Pro mu 2024 pa madola 3,499. Sinthani nokha ndalama imeneyo, mukumbukirenso kuti kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. M'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba yokhala ndi magetsi a ESCOM ndi pafupifupi imodzi mwa khumi, wondiuza kuti chisoti chimenechi ndi tsogolo la sukulu zathu ndimuyankha kuti ayambe wabweretsa madesiki. Zisoti zatsopanozi n'zabwino kuposa zija, nseru yachepako, chithunzi chili mbee. Koma malonjezo ake ndi omwe aja a 1992, ndipo ife amene tinawamvapo kale timangomwetulira.

Komanso anthu a Mangochi sitiyenera kutengeka kwambiri, poti kulowa m'dziko lina tinakuyamba kale popanda magetsi. Pitani ku Lake Malawi Museum pa boma pomwepa. M'menemo anamanga chifanizo cha kutsogolo kwa sitima ya Guendolen, ija imene mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko limene lero limatchedwa Liuli ku Tanzania. Mwana akaima pamenepo amakhala kapitawo wa sitima, ndipo palibe bandulo imene yatha. Kapena pitani ku Chembe, mubwereke galasi losambira nalo, muviike nkhope m'madzi pa Otter Point kapena pa chilumba cha Thumbi. Mbuna za buluu, zachikasu, zamizeremizere zikukuzungulirani mbali zonse, pansi miyala ikutsetserekera kumdima, inu mukuuluka pamwamba pake. Palibe kampani imene yafikapo pamenepo. Paki imeneyi inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Alendo amalipira ndege kuchokera ku Ulaya kudzaona zimenezi, pamene m'boma la anthu oposa 1.1 miliyoni muli ana ambirimbiri a kumtunda amene sanaviikepo nkhope m'nyanja yawo.

Apa m'pamene mtima wanga umawawira madisiki aja. Mangochi akusintha msanga kuposa mmene tikumulembera. Chambo cha mu Malombe, chimene chinkaphedwa matani oposa 8,000 cha m'ma 1982, chinali chitatsika osafikanso 1,000 patangopita zaka khumi, n'chifukwa chake mu 1993 kunayambika makomiti a m'madoko. Mwana wa lero ukamuuza kukula kwa chambo chimene tinkagula pamlatho amayesa nthano. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu, mchenga umene tinkasewerapo mpira uli pansi pa madzi. Sitima ya Chauncy Maples, yopangidwa ku Glasgow mu 1899 n'kuyamba kuyenda panyanja pano mu 1901, inayembekezera ku Monkey Bay ntchito yoisandutsa chipatala choyenda, ntchitoyo osatheka. Nyumba zakale za nthawi ya Fort Johnston zikugumuka imodziimodzi, m'malo mwake mukumera mashopu a malata. Tsiku lina wina adzapanga Mangochi wa m'galasi, zimenezo n'zosakayikitsa. Akadzakhala mlendo, adzaikamo mchenga woyera, dzuwa likulowa ndi bwato limodzi lokongola. Thandala la usipa, mzere wa akabaza, mzikiti wa m'mudzi, mayi wa zitumbuwa uja ndi manda a agogo sadzaziona n'komwe, ndipo sitidzamuimba mlandu chifukwa si kwawo.

Zipangizo zilipo, ndipo zili m'manja mwa anthu amene sitiwawerengera. Pa sitolo zilizonse kuyambira pa Mpondasi mpaka ku Makawa mupeza mnyamata wakhala m'kakontena ndi kompyuta, kuika nyimbo ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa m'mafoni a anthu, aja timati obena. Kompyuta yake yachikale yomweyo ndi yamphamvu kuposa ya amalume maulendo mazanamazana. Pulogalamu ya Blender, imene anthu amapangira mafilimu enieni, ndi yaulere kuyambira 2002, ndipo ukaikopa kamodzi sifunanso intaneti. Palinso njira yoti ukajambula chinthu ndi foni kuchokera mbali zonse, zithunzi makumi angapo, kompyuta imazilumikiza n'kutulutsa chinthucho chathunthu choti n'kuchizungulira. Achimwene obena, pamene mukuika mafilimu a karate pa memore khadi ya mwana wa sukulu, muikireniponso zoterezi. Doom yoyamba ija ndi yochepa kuposa nyimbo imodzi ya MP3. Inunso ogulitsa makompyuta a kaunjika, musanafufute zonse za m'kati kapena kugulitsa kwa a zitsulo, tayambani mwasuzumiramo. Ndipo aphunzitsi a Computer Studies, mayeso a MSCE alipo inde, koma teremu imodzi ana atamanga sukulu yawo yomwe m'kompyuta sangaiwale zimene aphunzira.

Wofuna kuyamba ayambire pachipilala pomwe paja, chifukwa n'cha makona ndipo sichivuta. M'lifupi muyeze ndi chingwe. Kutalika musakwere, apolisi angakugwireni. Ife tinazika ndodo ya mita imodzi pambali pake cha m'ma 9 koloko m'mawa, tinayeza mthunzi wa ndodoyo ndi mthunzi wa chipilala nthawi yomweyo, n'kugawa. Mukatero mupite mbali ya kumtsinje mukawerenge chikwangwani chokumbukira anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, chifukwa ife tinalephera kuchiika, pulogalamu yathu sinkatha kulemba zilembo zing'onozing'ono pakhoma. Ya masiku ano imatha. Ntchito yanu muisunge malo atatu, ndipo amodzi mwa malowo akhale kutali ndi nyanja.